Botolo la ku Jenda

Benchi inathyoka Dyness atangotsala pang'ono kufika pa chingwe.

Anali patsogolo pa atsikana onse, mpweya ukumuotcha pachifuwa, pamene anamva thabwa likulira kuti phwa! Kenako bwalo lonse la sukulu linaphulika ndi chiseko. Anacheuka akuthamanga chomwecho. Amayi ake, nyaShaba, anali gada pansi pa mtengo, ambulera itagwera uko, nsapato ina uko. Amayi awiri omwe anakhala nawo pabenchipo anali atawagwera pamimba.

"Dyness!" anakuwa mnyamata wina wa Fomu 2. "Amako athyola katundu wa boma!"

Dyness anapambana ndithu mpikisanowo, koma sanamve kukoma. NyaShaba anadzuka movutikira, anasasa fumbi pachitenje, ndipo anayamba kululutira ngati palibe chachitika.

"Mwana wane uyo! Ndi wanga ameneyo!" anatero akukupiza ambulera m'mwamba.

Dyness sanawayang'ane. Anatola juzi yake n'kukabisala kuseri kwa makalasi mpaka anthu onse atabalalika.

Izi zinkachitika pa Mzimba boma cha m'ma 1980. NyaShaba anali telala, ndipo makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ina pamsika. Ntchito sinkasowa: mayunifolomu a ana asukulu, madiresi a ukwati, ndiponso madiresi a nsalu ya chipani omwe amayi ankavala povina. Ankakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, chomwe chinkayenda ndi phazi lopondera makina basi. Pambali pawo sipankasowa kapu ya tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi. Amuna awo anali kalaliki ku esiteti ya fodya ku Kasungu ndipo ankabwera kumapeto kwa mwezi, atanyamula nyama yamafuta yomwe nyaShaba ankaikonda. Thupi linkangokula, ndipo anthu apamsika ankawayamikira kuti akusungidwa bwino.

Koma m'kati sizinali bwino. Ankatopa msanga, ndipo kumanja pansi pa nthiti kunkalemera ngati ameza mwala. Miyezi ingapo m'mbuyomo anapita kuchipatala, Dyness atawaperekeza. Dokotala wake, a Lungu, anawasindikiza pamimba kwa nthawi ndithu.

"Chiwindi chanu chakula, mayi. Mafuta achuluka m'menemo," anatero a Lungu. "Mapiritsi a zimenezi tilibe. Muchepetse zokazinga ndi shuga, ndipo muziyenda tsiku lililonse mpaka thukuta lituluke."

NyaShaba anavomera mwaulemu, koma atangotuluka pageti anayamba kudandaula.

"Ndiziyenda kupita kuti? Munthu wamkulu kumangoyenda mumsewu wopanda mtolo pamutu, anthu ati nyaShaba wazungulira mutu. Nanga makina andipondera ndani?"

Nkhani inathera pomwepo.

Lolemba lotsatira kuthyoka kwa benchi kuja, mphunzitsi wa zamasewero, a Mhango, anaitana Dyness kutsogolo kwa ana onse. Anamuuza kuti wasankhidwa kukathamangira sukulu pa mpikisano waukulu wa boma lonse, womwe ukachitikire pabwalo la pa boma mwezi wotsatira. Kudzabwera masukulu a ku Embangweni, a ku Euthini ndi ena ambiri. Anzake anamuombera m'manja. Kumbuyo wina ananong'oneza kuti akonzeretu benchi yachitsulo, ndipo mzere wonse unagwira pakamwa.

Dyness atawauza amayi ake madzulo, iwo anavina pomwepo pakhonde, pansi pakunjenjemera.

"Ndibwera! Ndisoka diresi latsopano, Mzimba yense adziwe kuti ndine mayi wa Dyness."

Kuyambira tsiku limenelo mtima wa Dyness sunakhale m'malo. M'kalasi ankangoyang'ana pawindo. Pothamanga ankaona m'maganizo bwalo lodzaza ndi alendo, amayi ake akudutsa pakati pa anthu wefuwefu, zala zikuwaloza. Ankafuna kuwauza kuti asabwere, koma pakamwa sipankatseguka.

Loweruka lina amayi ake anamutuma ku Jenda kukapereka mayunifolomu kwa mwini sitolo wina. Pokwera basi, achinyamata a chipani anaona kaye ngati anthu ali ndi makhadi a chipanicho, ndiye ulendo unayamba mochedwa. Atapereka katunduyo anabwerera pamalo odikirira basi, ndipo anapeza anthu ataunjikana. Pakati pawo panali bambo wovala jekete loyera, atayala mabotolo pamphasa. Pamtengo anali atapachika chithunzi cha munthu wong'ambidwa pamimba, ziwalo zonse zikuoneka. Ankayankhula Chichewa chosalala cha m'chigawo chapakati.

"Dzina langa ndine Malizani, ndayenda Zambia yense ndi Tanzania yemwe! Awa ndi a mano. Awa ndi a njoka zam'mimba. Koma awa," anakweza botolo lalikulu la madzi akuda bii, "awa ndi a amayi athu onenepa. Mitsitsi yeniyeni ya m'nkhalango, yosasakaniza ndi za azungu. Amasungunula mafuta ngati dzuwa, amatsuka chiwindi kuti mbee! Osathamanga, osasala kudya. Supuni imodzi mu tiyi, basi."

Atamva mawu akuti chiwindi, Dyness anasendera pafupi.

"Bambo, amatenga nthawi yaitali bwanji kuti munthu awonde?"

"Zimatengera thupi, mwana wanga. Ena mwezi, ena miyezi iwiri. Koma sanalepherepo."

"Muli mitengo yanji m'menemo?"

Malizani anaseka, anthu nawo anaseka. "Ndikakuuza, mawa ndikupeza wayala mphasa yako pompano!"

Dyness anapereka ndalama yomwe ankasungira nsapato zothamangira, nabisa botololo m'chikwama. Njira yonse yobwerera analikumbatira pamiyendo kuti lisasweke.

NyaShaba analandira botololo ndi manja awiri. Analitembenuza, analinunkhiza, kenako anayang'ana mwana wawo maso atadzaza misozi.

"Wandiganizira chonchi? Yewo chomene, mwana wane. Ena ana awo sadziwa n'komwe kuti mayi akumva kupweteka."

Dyness anayang'ana pansi.

Tiyi wa m'mawa ankaphika ndi Dyness. Sabata yoyamba ankathira supuni imodzi monga ananenera Malizani. Mankhwalawo anali owawa, ndipo nyaShaba ankamwa atakwinya nkhope, akuonjezera shuga. Dyness ankawayang'anitsitsa tsiku ndi tsiku: mikono, khosi, chiuno. Palibe chinkasintha, pomwe tsiku la mpikisano linkayandikira. M'mawa wina, ali yekha m'khitchini, anathira supuni yoyamba, anaima pang'ono akumvetsera ngati kukubwera munthu, n'kuthiranso yachiwiri ndi yachitatu. Anatero tsiku lotsatira, ndi linzakenso.

"Masiku ano akuwawa kwambiri," anadandaula nyaShaba.

"Ndi chifukwa tikufika pansi pa botolo, amama. Ndiye kuti akugwira ntchito."

Ndipo zinaoneka ngati akugwiradi. NyaShaba anasiya kufuna chakudya. Mandasi ankauma m'mbale osakhudzidwa, ndipo fungo la nyama yokazinga linkawachititsa mseru. Masaya anayamba kulowa. Felesta, telala mnzawo wa pakhonde lomwelo, anadabwa.

"NyaShaba, diresi likukukhwepani ilo! Mwapeza chinsinsi chanji?"

"Mwana wanga ndiye dokotala wanga," anayankha monyadira, ngakhale mawu anali ofooka.

Dyness anamva zimenezo ndipo tsiku limenelo anathamanga ngati mphepo, mpaka a Mhango anayang'ana wotchi yawo kawiri.

Koma zina zinayamba kuoneka. Amayi ake ankangodzikanda, m'mikono ndi m'miyendo mpaka kutuluka timagazi. Masana ankawodzera pamakina, mzere wa ulusi n'kukhota. Tsiku lina Dyness anawapeza kuseri kwa nyumba akusanza, atagwira khoma.

"Amama, tipite kuchipatala?"

"Yayi, ndi mafuta akutuluka amenewa. Si ndi mmene ananenera bambo uja?"

Malizani sananene zimenezo, ndipo Dyness ankadziwa. Komabe anagwedeza mutu kuvomera. Kunali kutatsala masiku ochepa chabe. Anadziuza kuti mpikisano ukangodutsa, adzataya botololo.

Lachinayi m'mawa, akuwapatsa kapu pakhomo pomwe dzuwa linkawala, anawayang'ana m'maso. Moyera muja munali mwachikasu ngati nthochi yakupsa. Anadzidzimuka mpaka tiyi anatayikira pansi.

"Watani iwe?"

"Palibe, amama. Kapu yatentha."

Anapita kusukulu, koma palibe chomwe anamva m'kalasi. Ankangotembenuka pampando, akuluma cholembera. Belu la masana lisanalire, anaona Felesta ataima pakhomo la kalasi, mpango uli m'manja, thukuta lili kamukamu.

"Dyness, tiye. Amayi ako agwa pamakina. Tawatengera kuchipatala pa galimoto ya mwini sitolo."

Dyness anamusiya Felesta m'mbuyo. Anathamanga osaima mpaka ku wodi ya amayi. NyaShaba anali gone pabedi, namwino akuwaika dilipi pamkono. Khungu lonse linali litasanduka lachikasu, milomo itauma. A Lungu anawatsegula zikope, nawasindikiza kumanja pansi pa nthiti. NyaShaba anabuula.

"Mkodzo ukutuluka wotani?"

"Wakuda, adokotala. Ngati tiyi wopanda mkaka."

"Chiwindi chatupa kwambiri. Ulendo watha sichinali chonchi ayi. Mayi, mwamwa chiyani masiku amenewa? Mapiritsi? Mankhwala azitsamba?"

NyaShaba anaponya maso kwa Dyness, kenako anawabweza.

"Palibe chomwe ndamwa, adokotala."

"Mundiuze zoona. Chikasu chimabwera m'njira zambiri. Ndikapanda kudziwa chayambitsa, ndizingopapasa mumdima, ndipo nthawi tilibe."

"Palibe," anabwerezanso nyaShaba motsitsa mawu.

Dyness anazindikira kuti akubisa chifukwa cha iye. Anatuluka m'wodimo, anathamangira kunyumba, natenga botolo lija pamwamba pa kabati. Pobwerera, atafika pafupi ndi geti la chipatala, anaima. Pambali pa msewu panali ngalande yakuya. Akanangoliponya m'menemo, palibe akanadziwa. Anaima pamenepo botolo lili m'manja, anthu akumudutsa. Kenako analowa pageti.

A Lungu analikweza botololo moyang'anitsa kuwindo. Munali mutatsala madzi pang'ono pansi.

"Mwayamba liti kumwa?"

"Sabata zitatu zapitazo," anavomera nyaShaba. "Koma supuni imodzi yokha patsiku. Musamudzudzule mwanayu, amafuna kundithandiza."

"Supuni imodzi? Botolo lalikulu chonchi likanatha bwanji?"

Dyness anasendera pafupi ndi bedi.

"Ndimathira zitatu," anatero. Mawu anatuluka aang'ono. "Nthawi zina zinayi. Amama samadziwa."

NyaShaba anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kumuyang'ana.

A Lungu anaika botolo patebulo. Sanakalipe, ndipo Dyness akanakonda akanakalipa.

"Chilichonse chomwe munthu wameza chimadutsa m'chiwindi, kaya ndi piritsi kaya ndi mtsitsi," anatero. "Cha amayi ako chinali chotopa kale ndi mafuta, ndiye wachisenzetsa katundu wina. Zitsamba zina n'zothandiza ndithu, koma izi sitikudziwa kuti ndi mtengo wanji, mwina wogulitsayo sakudziwanso. Ngakhale supuni imodzi ija ikanatha kuwapweteka. Kuwonda komwe mumakondwera nako sikunali kuchira. Anali matenda."

"Achira, adokotala?" anafunsa Dyness.

"Sindingakulonjeze lero. Chiwindi chimatha kudzikonza chokha ngati sichinaonongeke kwambiri. Tidikire tione."

Kudikirako kunali kowawa. Bambo ake a Dyness anafika kuchokera ku Kasungu tsiku lotsatira, anamva nkhani yonse kwa adokotala, ndipo anangomuyang'ana Dyness n'kupukusa mutu. Felesta anapita ku Jenda kuti akafunse Malizani zomwe anathira m'botolomo, koma anapeza malo okha. Ogulitsa nthochi anamuuza kuti bamboyo ananyamuka kalekale, ena ankati walowera ku Lundazi.

Loweruka, tsiku la mpikisano, a Mhango anatumiza mwana kudzamuitana. Dyness anamubweza. Anakhala pansi pambali pa bedi, akupukuta amayi ake ndi kansalu konyowa pomwe pankayabwa. Mphepo inkabweretsa phokoso la kubwalo: wenzulo, ng'oma, anthu akukuwa dzina la mtsikana wina. NyaShaba ankagona nthawi zambiri, ndipo akadzuka ankayankhula zosamveka. Nthawi ina anamutchula Dyness dzina la mchemwali wawo yemwe anamwalira kale. Dyness anatuluka panja n'kukalira kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala.

Patapita masiku angapo, nyaShaba anayamba kupeza bwino. Anapempha phala. Anamwa theka la kapu osasanza. M'mawa wina Dyness akuwapesa tsitsi, anayankhula osatembenuka.

"Unkachita nane manyazi?"

Chipeso chinaima.

"Tsiku lija ndinagwa ndinakuitana, sunacheuke. Ndinadziuza kuti mwina sunamve. Utabwera ndi botolo ndinati, ayi, mwana wanga amandikonda, ndimamuganizira zoipa. Tsopano ndiuze. Unkafuna ndichire, kapena unkafuna anzako asandione?"

Dyness anafuna kunama, koma bodza silinabwere.

"Ndinkafuna asakusekeni, amama." Kenako anaika chipeso pansi. "Ayi. Ndinkafuna asandiseke ine."

Misozi inkatsika m'masaya a nyaShaba, omwe tsopano anali olendewera.

"Thupi ili ndalipeza pamakina paja, ndikusokera fizi yako ya sukulu," anatero. "Koma nanenso ndili ndi mlandu. Adokotala anandiuza chochita, ine n'kufuna njira yachidule. Mbwenu, basi, tonse tapsa." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Maliza kupesako, ukundisiya ngati wamisala."

NyaShaba anatuluka m'chipatala chikasu chitayamba kuchoka m'maso. A Lungu anawauza kuti apumule kaye, asamwe mankhwala alionse osawafunsa, ndipo mphamvu zikabwerera ayambe kuyenda pang'onopang'ono. Anawachenjeza kuti mafuta a m'chiwindi akadalipo, ndipo sadzachoka ndi sabata imodzi kapena mwezi umodzi.

Anayamba ndi kuzungulira nyumba. Kenako ankafika pa mjigo n'kubwerera. Tiyi tsopano ankaphika okha, wa shuga wochepa, ndipo Dyness sanafunse chifukwa chake. Zinkamupweteka kuona amayi ake akutsuka kapu yawo ndi kudzithirira okha, koma ankadziwa kuti zimenezo sizingakonzeke ndi pakamwa.

M'mawa wina wa chisanu, mu Julaye, nyaShaba anamanga chitenje molimba, navala nsapato zansalu za amuna awo.

"Lero ndikufuna ndikafike pa mlatho," anatero.

Dyness anali atavala kale yunifolomu. Anakoleka chikwama paphewa n'kutuluka nawo. Inali nthawi yomwe msewu umadzaza ndi ana opita kusukulu ndi anthu opita kuntchito. Ena ankawapatsa moni, ena ankangowayang'ana modabwa. Mayi wina wosenza nkhuni anafunsa ngati kwagwa zovuta kwinakwake.

"Yayi, tikungoyenda," anayankha nyaShaba, ndipo mayiyo anapitirira akucheuka.

Asanafike pakati pa ulendo, mpweya unawathera. Anakhala pamwala m'mbali mwa msewu, thukuta likutsika ngakhale kunkazizira. Gulu la atsikana a m'kalasi mwa Dyness linadutsa likuthamanga.

"Dyness, tiye! Lero pageti pali aheadi ndi ndodo!" anakuwa mmodzi.

Patali belu linayamba kulira. NyaShaba anamukankha pang'ono pamsana.

"Thamanga, mwana wane. Ine ndibwerera pompano, zandikanika. Tidzayesa tsiku lina."

Dyness anayang'ana anzake akuzimiririka pokhota msewu. Anavula chikwama n'kuchiika pansi, nakhala pamwalapo pambali pa amayi ake mpaka kupuma kwawo kutakhazikika. Kenako anaimirira n'kuwatambasulira dzanja.

"Ndodo ndikaipeza, amama, sithawa. Gwirani apa. Mlatho ndi uwo ukuoneka apowo."

NyaShaba anayang'ana dzanjalo kwa kanthawi. Kenako analigwira, nadzuka.